Ming'oma ya Elijah ku Mafinga

Maliro a Elijah atangotha, mng'ono wake Foster anabwera ndi lole. Ananyamula mipando, firiji, njinga yamoto, ngakhale makatani a m'mawindo. Akuchimuna anati ng'ombe za lobola zinaperekedwa kalekale, choncho katundu ndi wakwawo. Esnart, mkazi wa malemuyo, anaima pakhomo manja ali m'chiuno, osagwetsa msozi. Chomaliza kutengedwa chinali foni ya Elijah yong'aluka galasi, imene Foster anaisolola pansi pa pilo.

Foniyo payokha sinali kanthu kwa Foster. Iye ankaombola katundu wa amalonda paboda, ndipo m'thumba mwake munali foni yodula ya mtundu wina. Chimene ankafuna ndi ming'oma ya njuchi imene mkulu wake anaipachika m'nkhalango za ku Mafinga.

Elijah anali mphunzitsi wa makompyuta pa Boma, koma mtima wake unali pa njuchi. Analemba yekha kapulogalamu ka pafoni kosunga malo a mng'oma uliwonse, n'kukaika pa intaneti kuti alimi anzake azikatenga ulere. Kumapiri kulibe netiweki, ndiye kankasunga zonse m'foni ya mwiniwake momwemo, osatumiza kwina kulikonse. Zinali tinthu tochepa chabe, dzina la mng'oma ndi pamene uli. Poopa akuba uchi, anakakonza kuti kamuvi kolozera njira kazioneka pokhapokha munthu akafika kumapiriko. Kutali kankangolemba kuti, "Palibe mng'oma pafupi." Esnart ankazidziwa zonsezi, pakuti Elijah ankamulongosolera mpaka kumutopetsa iye akusefa uchi. Ankadziwanso mtengo uliwonse wa kumeneko, chifukwa ming'omayo inakwera phiri ili pamutu pake.

Ankamudziwanso Foster. Munthuyo sankapereka chinthu chathunthu. Ali anyamata anaponya wailesi m'chitsime kuti Elijah asapite nayo kusukulu.

Tsiku la msika Esnart anamupeza padepoti akudya tchipisi pakati pa akabaza. Anagwada pafumbi, chinthu chimene sanamuchitirepo chikwatiwire m'banjamo.

"Alamu, katundu mwatenga, sindikulimbana nanu. Ndipatseniko foni yokhayo. Muli zithunzi za akulu anu ndi mawu awo."

Foster anaseka, nauza akabaza aja kuti aone ng'ona ikulira. Anati mayiyu sakufuna zithunzi, akufuna ming'oma.

"Kapulogalamuko akulu anu anakalemba kuti kazigwira pa foni ya mtundu uliwonse," anatero Esnart, maso ali pansi. "Kaikeni mwanumo muone."

Sananame ngakhale liwu limodzi. Foster anakaika pomwepo, n'kugundanitsa mafoni awiriwo patebulo. Kanjuchi kachikasu, chizindikiro cha kapulogalamuko, kanaoneka m'foni yakenso, ndipo onse awiri analemba mawu amodzimodzi: palibe mng'oma pafupi. Wakabaza wina, Jacob, anathirira ndemanga kuti masiku ano zinthu zimatsata munthu, ukagula foni yatsopano anzako onse umawapeza momwemo. Foster anagwedeza mutu ngati ndi zimene ankadziwa kale.

Ndiye anachita zimene Esnart anadzera. Anatenga foni yong'aluka ija, naikweza m'mwamba kuti mlamu wake aone bwino, n'kufufuta zonse zinali m'menemo. Itayakanso ili mbee ngati yongogula kumene, anaiponya pamiyendo pake.

"Mwapempha foni, mulamu. Ndi imeneyo."

"Yewo," anatero Esnart, naitola.

Zithunzi zija zinapitadi, pamodzi ndi mawu a Elijah akuimba nyimbo ya kwaya molakwitsa. Esnart pamtima panamuwawa njira yonse ya ku Chisenga, kwawo kumene anabwerera. Koma anali ataziyeza kale zimenezi. Chithunzi sichiphunzitsa mwana sukulu.

Nyengo yofula uchi itakwana, Foster analemba ganyu amuna a ku Chisenga komweko, nagula zidebe zatsopano. Anali atalonjeza kale uchi kwa wamalonda wina wa ku Tunduma. Anakwera phiri atavala nsapato zosongoka, foni ili patsogolo ngati tochi. Analowa m'zigwa, anadutsa mitsinje, dzuwa linafika pamutu, kamuvi osaoneka. Foniyo anaizimitsa n'kuiyatsanso, anakwera pamwala n'kuikweza kumwamba, koma mawu anali omwe aja. Aganyu anayamba kumawerenga mokweza nthawi iliyonse akaima. Pofika sabata yotsatira, padepoti ponse ankamuitana kuti Palibe Mng'oma Pafupi, ndipo Jacob yemwe uja ndi amene ankakuwa kwambiri.

Foster anafika kwa Esnart masana ena miyendo itakalikakalika ndi minga. Anamupeza pakhonde la nyumba ya mlongo wake akusefa uchi pansalu yoyera, zidebe zodzaza zili m'mbali. Esnart sanadzuke, ndipo sanamupatse mpando. Foster anayamba ndi ukali, kuti uchiwo ndi wa kubanja kwawo. Esnart anamuuza kuti apite akaloze mng'oma umodzi wokha umene wachokera. Kenaka Foster anafewa, nati foni ija aibwereke, mwina wokonza mafoni angabweze zimene zinalimo.

Esnart analoza pawindo pamene inali, mwana akuiseweretsa ngati galimoto.

"Tengani. Zinali m'menemo basi, alamu, kwina kulikonse kunalibe. Munafufuta ndi chala chanu, anthu akuona."

Foster anafunsa motsitsa mawu ngati sangamuperekeze kuphiri kamodzi kokha, kuti agawane pakati. Anati makatani ndi firiji abweza.

Esnart anapisa chala mu uchi, nanyambita mosafulumira.

"Makataniwo sungani," anatero. "Ndipo sunthani pamenepo. Njuchi zikudana ndi perefyumu wanuyo."