Mapiritsi m'Kachitini ka Fodya

Mtima wa a Fanuwelo Kaphuka sunali m'malo sabata yonseyo. Ankaphunzitsa ana a pakoleji ntchito yopereka mankhwala, ndipo Lolemba anayenera kupereka ndondomeko ya chaka chatsopano: zoti ophunzira adziwe ndi njira zowaphunzitsira. Mkulu wawo, a Msosa, anali atanena kale zofuna zawo. Phunziro lotengera ana kuchipatala kukalankhula ndi odwala lichoke, nthawiyo azibwereza mafunso a mayeso akale kuti okhoza achuluke. A Kaphuka anali atavomera ndi mutu.

Lamulungu masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, anagona pamkeka pakhonde. Tulo tinawaba.

Anapezeka ali kuseri kwa zenera loperekera mankhwala, lija la zitsulo ndi kabowo pansi. Kunja kunali zii, mabenchi opanda munthu. Kenako fungo la fodya wa m'mphuno linalowa pakabowopo. Atakweza maso anaona a Nankhoma, azakhali awo amene anawalera, omwe anaikidwa m'manda dzinja lapitalo. Pamaliro anthu ankangoti ndi matenda a mtima.

Gogoyo anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa kachitini ka fodya, n'kukhuthulira pathabwa. Munatuluka mapiritsi oyera okhaokha, aakulu ndi aang'ono, ena atadetsedwa ndi fodya.

"Sankha, Fanuwelo," anatero motsitsa mawu. "A mtima ndi ati, a shuga ndi ati?"

"Azakhali, munachotseranji m'timapepala take?"

"Timapepala timang'ambika kumunda. Nanga zolembazo ndinayamba liti kuwerenga ine? Ndinkangotola awiri m'mawa, awiri madzulo, amene zala zagwira."

"Wapazenera sanakuuzeni?"

"Anandiuza. Nditatchula dzina lako anasangalala. Akuti unamuphunzitsa ndiwe, ndipo ankakhoza kuposa onse. Anatchula mayina a mankhwalawo m'Chingerezi chosalala, maso ali kwina. Kenako anati, 'Wotsatira.'"

A Kaphuka anafuna kutulutsa dzanja pakabowo, koma linalemera ngati chikuni chachiwisi.

"Sindinabwere kudzalira. Zanga zinatha. Koma pamabenchi apa pakubwera ena. Mwana wosadziwa kufunsa nkhalamba kumene ikasunge mankhwala, usamupatse zenera."

Anatola mapiritsi aja limodzilimodzi, nachoka osatsazika.

A Kaphuka anadzidzimuka malaya atanyowa ndi thukuta. Anakhala pamkekapo mpaka mthunzi unawapitirira.

Lolemba anaika ndondomeko patebulo la a Msosa. Cholinga choyamba chinali chakuti wophunzira athe kufotokozera wodwala m'chilankhulo cha wodwalayo, mpaka mwini wake abwereze yekha. Njira yake inali yomwe ija, kupita kuchipatala.

"Achimwene, si tinagwirizana?" anafunsa a Msosa. "Ana akalephera mayeso muyankha ndinu?"

"Ndiyankha."

"Musakhale ngati mwayamba dzulo ntchitoyi. Kumene amatiyesa ife ndi pa zotsatira, osati pa kucheza ndi nkhalamba."

A Kaphuka analisiya pepalalo patebulo pomwepo.

A Msosa anawalanda kalasi ya omaliza imene anaiphunzitsa zaka zambiri. Phunziro lawo analikankhira Lachisanu masana, nthawi imene ana amakhala atanyamula kale zikwama, ndipo analichotsera malikisi. Tsiku loyamba kunabwera ochepa. Atafika pamabenchi a chipatala, mtsikana wina, Tiyanjane, anakwinya mphuno.

"Aphunzitsi, zimenezi zibwera pamayeso?"

"Ayi."

"Ndiye tikuvutikiranji?"

A Kaphuka analoza mkulu wina amene anali atangochoka pazenera. Ankatembenuza timapepala ta mankhwala m'manja, zolemba zili chadodolido.

"Khalani nawo pansi. Muwapatse moni kaye."

Tiyanjane anayang'ana benchi lafumbilo, nayang'ana gauni lake loyera. Anayang'ananso anzake, koma onse anali atazolika. A Kaphuka anangoima chilili, manja kumbuyo, ngati munthu amene alibe kwina kopita.

Mtsikanayo anatulutsa kampango, nayala pabenchi, n'kukhala.

"Muli bwanji, agogo?"

Mkuluyo anacheuka kumbuyo kuona amene akupatsidwa moniyo.