Oyilo wa Makina, Piritsi la Mwini Wake

"Singano za masiku ano akuzipanga zopanda bowo," anadandaula a Telala, uku akunyambitanso ulusi n'kuulasa pambali penipeni pa singano.

"Bowo lilipo, abambo. Maso ndiye mulibe," anatero akazi awo. Analanda singano ija, nalowetsa ulusi kamodzi n'kamodzi.

Ng'ala inali itaphimba diso lamanja la a Telala, ndipo lamanzere nalo linali litayamba kuchita chifunga. Kuchipatala anawauza kuti ndi kantchito kochepa, dokotala wa maso achotsa m'mawa umodzi. Koma tsiku la opaleshoni litakwana, namwino anawayeza pamkono n'kupukusa mutu. Magazi ankathamanga koopsa. Anawabweza, nawapatsa tsiku lina mwezi wotsatira.

"Mukadzabweranso BP ili chonchi, malo anu tidzapatsa wina," anatero namwinoyo. "Ndipo dokotalayu akachoka, ndiye mpaka chaka chamawa."

Chaka chathunthu telala wosaona! Makasitomala anali atayamba kale kung'ung'udza, poti wina anamusokera thumba la malaya chozondoka. Mapiritsi a BP anali nawo ndithu, botolo lodzaza. Vuto linali kumwa. Sikuti unali mwano ayi, kuiwala basi.

Tsono a Telala anali ndi mwana wamkazi wogwira ntchito ku ofesi ya zaumoyo, ndipo ntchito yake inali yomweyi, youza anthu zoyenera kuchita kuti asadwale. Bambo ake ankamutcha "a Mlangizi", theka monyadira, theka momuseka. Mlangizi atamva za kuchipatala anachita manyazi kwambiri. Munthu wolangiza tawuni yonse n'kulephera bambo ake omubereka?

Anabwera ndi mapepala akuluakulu a ku ofesi, namata m'shopu, pachitseko cha kuchipinda, mpaka kubafa. Koma botolo silinatsike. Anatchera alamu pafoni. Ikalira, a Telala ankaizimitsa mwaulemu n'kunena kuti, "Ndimwa ndikamaliza kupinda thalauzali," ndipo mathalauza sankatha. Kenaka anawaopseza ndi nkhani ya sitiroko, ya anthu opuwala mbali imodzi. Tsiku limenelo anamwa. M'mawa mwake anabisa botolo kuseri kwa wailesi, ati likumawayang'ana moipa.

"Amayi, ine ndatopa," anatero Mlangizi, atakhala pampando wa kukhitchini. "Zonse akudziwa. Ndikawafunsa amayankha bwino kuposa ana asukulu."

"Nanga iwe sudziwa kuti kugona ndi foni kumapha maso? Unasiya?"

Mlangizi anaseka, kenaka anakumbukira kanthu. Kumaphunziro a kuntchito anawauzapo kuti kudziwa ndi kwina, kuchita ndi kwinanso, ndipo kuti chizolowezi chatsopano sichimera pambalambanda, chimayanga pa chakale ngati nyemba pa phesi la chimanga. Iye analemba zimenezo m'mayeso nakhoza bwino, kenaka anabwerera kukamata mapepala.

M'mawa mwake anapempha tchuthi, natsatira bambo ake kushopu. Anakhala pa kabenchi ka makasitomala, pakamwa atatseka.

"Lero a Mlangizi sakulalikira?" anafunsa a Telala.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, ababa."

"Ohoo! Ndiye nkhonoyo ndine?"

A Telala anatsekula zenera. Anavundukula nsalu pamakina, naipinda bwinobwino. Anauzira fumbi. Kenaka dzanja linapita lokha m'kabati, osapapasa n'komwe, n'kutulutsa kabotolo ka oyilo ka mlomo wautali. Chala chinkapeza kabowo, dontho n'kugwa, chala n'kupita pa kabowo kena. Atatha anazunguza gudumu, khutu atatchera ngati akumvera mwana kupuma.

"Ababa, munayamba mwaiwalapo kuthira oyilo?"

A Telala anatembenuka ngati atukwanidwa. "Ine? Tsiku limene unabadwa iwe, ndinayamba ndathira oyilo, kenaka n'kuthamangira kuchipatala."

"N'zoona zimenezo," anatero akazi awo, amene ankalowa ndi tiyi. "Ndipo mpaka lero sindinakhululuke."

Mlangizi anaomba m'manja. "Ndabwera ndi ntchito, a Telala. Mundisokere kathumba ka matumba awiri. Nsalu musankhe nokha."

Ntchito ndiye sankaikana. Anatola chigamba cha suti ya munthu wina, akazi awo nawalowetsera ulusi, makina n'kuyamba kulira. Msoko unakhota pang'ono, koma kathumba kanatuluka. Mlangizi anaika oyilo mbali imodzi, botolo la mapiritsi mbali inayo, nabweza zonse m'kabati muja. Pambali pake anaimikapo botolo la madzi akumwa.

"Mukathira makina, muzithiranso mwini wake. Basi, sindilankhulanso."

"Koma musasokoneze, abambo," anawonjezera akazi awo. "Tingadzapeze piritsi lili m'makina, oyilo ali m'mimba."

"Mwina m'mawondomu mungasiye kulira," anayankha a Telala.

Zinayenda ngati masewera. Dzanja likapita kukatenga oyilo linkabwera ndi mapiritsi omwe, ndipo kubweza botolo osatsekula kunkawachititsa manyazi pamaso pa makina awo. Mlangizi anasunga lonjezo, sanafunse kanthu, ngakhale lilime linkamuyabwa.

Lamlungu m'mawa Mlangizi akupesa tsitsi, mtima unangoti phaa! Shopu satsekula Lamlungu. Mapiritsi onse anawatsekera m'kabati yekha ndi manja ake, mlangizi wophunzira! Anathamangira kwa makolo ake, chipeso chili m'mutu.

"Ababa ali kuti?"

Mayi ake analoza ndi mlomo kumsewu, akuseka mpaka kugwira chitseko. Mlangizi anakapeza shopu ili yotsekula theka. M'katimo munali a Telala, atavala suti yawo yopita nayo kopemphera, manja a jekete atakwinya, akudontheza oyilo.

"Ababa, makinatu sagwira ntchito lero."

"Makina ayi, koma mwini wake akugwira," anatero, naponya piritsi m'kamwa. "Ndiye ndikanamwa ndekha, mnzangayu akuyang'ana?"

Tsiku la kuchipatala Mlangizi anawaperekeza. Namwino uja anamanga lamba pamkono, nayang'ana, namasula, namanganso kuti atsimikize.

"Bambo, mwachita chiyani?"

"Ndimathira oyilo, mwanawe."

Namwino anayang'ana Mlangizi modabwa, koma anawalembera kuti alowe.

Atawamasula bandeji, a Telala anafika m'shopu n'kuima pakati, akuyang'ana khoma. Anawerenga pang'onopang'ono, mokweza: "Imwani mankhwala anu tsiku lililonse." Anagwira pakamwa. "Aa! Kani n'zimene zinalembedwa apa? Ine ndinkayesa kalendala!"

Mlangizi anaseka mpaka misozi, namatula mapepala ake onse. Ananena kuti akabwerera kuntchito, wodwala aliyense azidzayamba wamufunsa chinthu chimodzi: chimene saiwala kuchita m'mawa n'chiyani.

A Telala anakhala pamakina, natenga singano ya pamanja. Akazi awo anali atatambasula kale dzanja monga mwa masiku onse. Koma ulusi unalowa wokha, kamodzi n'kamodzi. Dzanja lija linabwerera pang'onopang'ono pachilolo, ndipo mayiwo anamwetulira, koma kunkaoneka kuti kamtima kawawa.

A Telala anaona. Ndi diso latsopanolo ankaona zonse tsopano. Anasolola ulusi uja pasingano, napereka zonse ziwiri kwa akazi awo.

"Tandilowetserani, amayi," anatero. "Wolowetsa ndekha sukhalitsa."