Chala cha a Yande

Kwathu kuno pachilumba, pamene mtsinje wa Saloum umathira m'nyanja, lamulo la nkhono ndi limodzi: yochepa kuposa chala chachikulu cha a Yande imabwerera m'matope kuti ikakule. A Yande ndi wapampando wa amayi otola nkhono. Madzi akaphwa timatola, akayamba kudzaza timafola pagombe, iwo n'kumayesa ndi chala nkhono iliyonse yokayikitsa. Lamuloli n'labwino ndithu. Akuti lisanabwere, nkhono zinangotsala pang'ono kutheratu.

Koma Lachinayi lapitali munga wa mlamba unawabaya a Yande pachala chomwecho. Pofika Lachisanu chinali chitatupa ngati mbatata.

Tsikulo ine ndi amayi anga tinatola dengu lodzaza. Mawa lake kunali mwambo wopatsa dzina mwana wa achemwali anga, ndipo apongozi awo amabwera ndi bwato lathunthu la alendo. Mpunga wopanda nkhono pamaso pa anthu amenewo ndi manyazi a chaka chonse.

"Yochepa! Iyinso yochepa!" A Yande ankangoponya. Mayi amene anali patsogolo pathu anatsala ndi nkhono zisanu ndi ziwiri m'dengu lonse.

Aliyense ankachiona chalacho, koma wolankhula panalibe. Ukatsutsa a Yande, amakutcha wakuba ana a nkhono mpaka ukalamba. Ineyo ndiye n'kusukulu komwe ndinamaliza osakwezako mkono. Koma nditaona dzanja lotupalo likulowa m'dengu lathu, ndinangomva pakamwa panga patatseguka.

"Amayi Yande, chalacho chakula."

"Walankhula ndani?" a Yande anafunsa.

"Tening, mwana wa Khemes," wina anatero. "Kani ali ndi mawu!"

"Iwe mwana, chala changa chakula? Unachiyeza?"

Zoona zake n'zakuti ndinachiyeza. Chaka chatha aphunzitsi anatiuza kuti tikayeze chinthu chofunika m'mudzi mwathu. Ine ndinawapeza a Yande akuwodzera pansi pa mtengo masana, n'kuyika lula pachala chawo. Ndinaulula zonsezi nditawerama. Ndinati chinali masentimita awiri ndi theka, chimodzimodzi changa.

Amayi onse anafa ndi phwete. "Yande, amakuyeza uli m'tulo! Mwayi kuti anayambira chala!"

A Yande anayang'ana chala chawo, n'kuyang'ana changa. "Chabwino, mphunzitsi. Ima apa, tambasula dzanjalo."

Dengu loyamba linali lathu. Pamwamba zonse zinali zazikulu bwino. Nditafika pansi ndinapeza tinkhono tating'ono timene ine sindinatole.

"Tening mwanawe," amayi ananong'ona, "ndinakubereka ndine."

Koma anthu makumi atatu anali akuyang'ana chala changa. Ndinaponya m'madzi tinkhono makumi awiri. Zotsalazo zinakwanira alendo, ena mpaka anawonjezera. Amayi sanandiyankhule mpaka Lamlungu.

Chala cha a Yande chinaphwa, koma gulu lakana kuwabwezera ntchito. Akuti changa sichilalata. Tsopano madzi akadzaza ndimaima pagombe dzanja lili m'mwamba, ine amene ndimabisala mlendo akalowa pakhomo. Amayi andiletsa kugwira mlamba, kusinja ndi kuwaza nkhuni, kuti chalachi chisatupe. A Yande nawo tsiku ndi tsiku akunditumizira mbale ya mpunga wa mafuta. Akuti ndawonda kwambiri, makamaka m'manja.