Vanishi pa Malagani a Amayi

Chosema cha maliro a amayi, chimene kwathu timati malagani, chinakana kuwola. Mvula inagwa zaka ziwiri, koma malagani aja anali chiimire kuseri kwa mpanda wa kumanda, ofiira ngati apakidwa utoto dzulo, maso ake a zigoba za m'nyanja ali tong'o. Kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa kuti phwando la maliro likatha, nkhumba zitadyedwa, chosema timachisiyira chiswe ndi mvula. Mtengo ukamafumbwa, womwalirayo amamasuka n'kupita. Ukapanda kufumbwa, amakhala pomwepo, ndipo akasungulumwa amaitana mnzake.

Amene ankaitanidwa anali abambo anga. Anasiya kupita kunyanja. Nsomba ndi mbatata ndikawaikira ankangonyema pang'ono, zotsala n'kupatsa galu. Lamba wawo ndinaboola ndekha kawiri. Mantha anandigwira, ndipo ine mantha akandigwira ndimalusa.

Ndinapita kwa Kalaseng, mmisiri amene anasema. Ndinamupeza akutafuna mtedza wa buai pansi pa mgwalangwa, mkamwa muli psuu. Sindinamupatse ndi moni womwe. Ndinamunena kuti ndi wonyada, wakonda ntchito ya manja ake kuposa mzimu wa munthu, wathira mankhwala mtengo kuti alendo azidzaujambula. Anandilekerera mpaka malovu anandiuma. Kenako analavula, n'kunena kuti iye amasema mtengo wofewa dala, woti uwole chaka chisanathe.

"Kanunkhize wekha, mwana wa malemu Sinaleng," anatero. "Ine bwato ndilibe."

Mawa lake ndinapita kumanda masana dzuwa likuswa mtengo. Sindinalowe mumpanda, akazi sitilowamo, koma mphepo inandibweretsera fungo. Vanishi. Yemwe uja abambo ankapaka bwato lawo chaka ndi chaka. Chitini chinali pansi pa tsamba la nthochi, burashi ili yonyowa. Udzu wa pamenepo unali utagona, pokhala munthu tsiku ndi tsiku.

Kunyumba ndinatenga botolo la palafini ndi machesi. Moto nawonso umamasula, akuluakulu amalola. Ndinaganiza zopatsa malume kuti akatenthe tsiku lomwelo. Abambo anali pakhonde, akusoka ukonde umene sankaugwiritsanso ntchito. Anayang'ana botolo lija, n'kundiyang'ana ine.

"Mwawamanga amayi, ababa," ndinatero. "Zaka ziwiri. Simukuwamvera chisoni?"

Sanakane. Anati poyamba ankangofuna mwezi umodzi wokha, chifukwa Kalaseng anasema chibwano cha amayi ndendende, ndipo iwo sakanatha kuona chiswe chikuchidya. Mwezi utatha anapakanso. Anati amayi sakwiya ayi, amangofunsa kuti abwera liti.

Ndinalira, ndinawakalipira, ndinawatchulira zidzukulu zawo mmodzimmodzi. Ankangogwedeza mutu ngati ndikuwauza mtengo wa mchere.

"Usavutike ndi palafini, Rumai," anatero. "Ndamuuza mayi wako kuti adikire pang'ono. Mudzatentha ziwiri pamodzi."

Ndinafunsa kuti ziwiri ziti. Anangoloza ndi singano kutsidya kwa mtsinje, kumene kuli nyumba ya Kalaseng. Nkhwangwa inali ikulira kumeneko, ndipo inali itayamba m'mawa, ine osalabadira. Mtengo wa chosema chachiwiri unagwa ndili chiimire ndi machesi m'manja.