Zala Zakuda za Tabita

Tabita anangopita kusikelo kukayezetsa mwana wake Mtisunge, koma a Hazel anamukodola pakhonde. A Hazel anali mtsikana wa ku Lilongwe, wa bungwe lina loona zaukhondo m'maesiteti a tiyi, ndipo kulikonse ankayenda ndi kompyuta ya m'chikwama.

"Amake Mtisunge, bwerani mudzadzione. Mwatchuka mpaka ku Ulaya."

Anamutsegulira kompyuta ija, nati chimenecho ndi bulogu, tsamba la pa intaneti pomwe munthu amalemba zake, dziko lonse n'kumawerenga. Pagalasipo panali chithunzi cha dzanja la Tabita likudyetsa mwana nthochi. Zala zakuda bii.

A Hazel ankayesa kuti mayiyo akungoona chithunzi. Koma Tabita anafika Fomu 2 mimba isanamuchotse pasukulu, ndipo chimangirizo chake n'chimene aphunzitsi ankawerengera kalasi yonse. Anawerenga Chingerezi chija pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Akuti amayi othyola tiyi ku Thyolo sadziwa kusamba m'manja, amadyetsa ana ndi litsiro. Dzina lake linali pomwepo, la mwana pomwepo.

Mtima unamuwira.

"Achemwali, munathyolako tiyi inu?"

"Ayi, koma..."

"Ndipatseni sopo wanuyo."

Anasamba pampopi, amayi onse a pamzere akuona. Anachita thovu kawiri, katatu, n'kutambasula zala pamphuno pa a Hazel. Zinali zakudabe.

"Uwu ndi utomoni wa tiyi. Umalowa m'khungu. Amayi anga tinawaika m'manda ali nawo. Tiyi wamkaka mumamwa m'mawa uja amadutsa pazala pano. Ndiye mwauza dziko kuti ndine wauve?"

"Pepani mayi, chithunzicho ndichichotsa."

"Chithunzi chalakwanji? Dzanja ndi langa, mwana ndi wanga. Chotsani bodzalo. Ndipo tasunthani, ndilembe ndekha."

A Hazel anasuntha. Tabita anabereka mwana, n'kukhala pabenchi, kompyuta pamiyendo. Zilembo zinali zobalalika ngati wina anazimwaza dala. Ankasaka chimodzichimodzi ndi chala cha mkombaphala. Analemba m'Chichewa. Azungu akafuna kumva, a Hazel awamasulire.

Poyamba unali mkwiyo wokhawokha. Analemba za mame amene amakunyowetsa mpaka m'chiuno dzuwa lisanatenthe, za kuthyola masamba awiri ndi kansonga, za dengu lokoka msana. Analemba za ming'alu ya m'zala, momwe imalumira ukagwira mchere pothira m'ndiwo. Kenako anafuna kufotokoza fungo la tsamba longothyoledwa kumene. Analemba mzere, n'kufufuta. Wina, n'kufufutanso. Wachitatu utakhala bwino, anamva pachifuwa kutentha kumene anakumva komaliza akadali mu yunifolomu ya sukulu. Zaka zisanu zonsezi cholembera ankachigwira pokhapokha polemba dzina pakhadi la sikelo.

Anamwino anaitana Mtisunge kawiri. Tabita sanamve. Mayi wina anachita kumugwira paphewa.

"Mwamaliza?" a Hazel anafunsa chapansipansi.

"Kumaliza ayi, koma mwana akayezedwe. Ikani dzina langa pansipo, lonse. Tabita Mulipa, wothyola tiyi."

A Hazel anafufuta Chingerezi chawo chija, n'kudina batani. Pansi pa zala zakuda zija panaoneka mawu a mwini zala. Tabita anawerenganso kuyambira pamwamba, n'kupeza pomwe anadumpha liwu.

"Bwezani. Uyu akadzakula adzawerenga zimenezi, asadzandiseke."

Anakonza yekha, n'kumangitsa chitenje, ulendo kwa anamwino.