Zaka Ziwiri Zimene Amalume Anandichotsera

Flora, chibwenzi changa, posamukira ku Indianapolis kukaphunzira unamwino, anandisiyira mawu awa: "Ukapeza satifiketi ya sekondale, unditsatire." Ine kudikira sindinabadwe nako. Sukulu yanga ya kuno ku South Bend ndinaisiya mwezi womwewo. Ndinali nditamva kuti kuli mayeso achidule, ukangokhoza basi, koleji yatseguka. Ndinkadziona kale tili m'basi ya mu Lafayette Road ku Indianapolis komweko, mutu wake uli paphewa langa.

Ndinagula buku la mayesowo, otchedwa GED, n'kuliwerenga mpaka chikuto chinathothoka.

Mayi wa pamalo olembetsera anandiuza kuti kuno ku Indiana GED anaisiya, tsopano kuli ina yotchedwa TASC. Ndinati palibe kanthu, ndipatseni yomweyo. Anayang'ana pasipoti yanga. Anati wa zaka 17 salemba popanda siginecha ya womulera ndi ya mkulu wa sukulu. GED iliko ku Michigan, kungodumpha malire, koma nakonso mwana sadzilembetsa yekha.

Ine ndinali ndi zaka 19. Ziwirizo anandichotsera papasipoti ndi amalume a Bizwick tili ku Lilongwe, kuti kuno andilandire ku sekondale.

Ndinawapeza akusita yunifolomu yawo ya kuchipatala.

"Amalume, mungondisainira chonde."

"Usiye sukulu chifukwa cha kamtsikana? Ayi."

"Koma inu mukudziwa kuti ndine wamkulu."

"Wamkulu kuti? Pita ukawauze azunguwo. Ukawauzenso amene ananama, tikwere ndege limodzi yobwerera kwathu." Anaseka, natembenuza malaya. "Ndiwe mwana, Wanangwa. Ndinakubala kachiwiri ndine, tsikulo ndinasankha ndekha."

Ndinamuimbira Flora. Anati adikira. Kenaka mafoni anga anasiya kuyankhidwa.

Chinkhoswe chake ndi Gray, wogwira ntchito ku famase yogulitsa mankhwala, chinachitikira ku Speedway kufupi ndi Indianapolis, pasipoti isanandikulitse. Amalume anandikakamiza kupita nawo. Pakhomo, mayi wogawa malo anafunsa, "Uyu timukhazike kuti?"

"Seventini uyu," amalume anayankha mokweza. "Kwa ana."

Anandikhazika pakati pa tiana toyankha Chingerezi chokhachokha, pa kampando kosafika n'komwe m'mawondo. Flora anadutsa ndi mbale ya keke, atavala chitenje chobiriwira, wokongola kuposa m'maloto anga onse. Anaima, nandiikira kachidutswa pa kambale kapepala.

"Koma wakula bwanji, Wana," anatero, napitirira.