Bokosi Lopanda Chipewa

"Mpingo? Ife sitinagulirepo munthu mankhwala," anatero mayi busa uku akulongedza mbale zomwe anabweretsera chakudya pamaliro.

Charlene sanamvetse. Chaka chathunthu mayi ake, malemu Vernice, ankabwera ndi kabotolo kopopera mankhwala a mphumu ka mdzukulu wawo Tasha, mwana wa Charlene, n'kumati n'kochokera kumpingo. Tsopano Vernice anali atagona m'manda masiku atatu, kabotolo komaliza katapepuka, ndipo m'chifuwa mwa mwanayo munali mutayambanso kulira ngati kamphaka. Nanga mankhwalawo ankachokera kuti?

Boma litadula thandizo la mwezi ndi mwezi, iye n'kuyamba ntchito kufakitale ya nkhuku, Charlene anangoti basi, khadi la chipatala la mwana wake lapitira limodzi. Makalata a boma akabwera ankangowaponya m'bini osatsegula. Awerengerenji zomukana kachiwiri?

Anapeza mchimwene wake Odell kuchipinda kwa malemu akutsitsa mabokosi a zipewa. Vernice sankaponda m'tchalitchi wopanda chipewa.

"Achimwene, Mayi sanakuuzenipo za mankhwala a Tasha?"

"Ine? Ine ankangondiuza zometa ndevu. Tagwira ili, kulemeraku si kwa chipewa."

Zoonadi, chipewa munalibe. Pamwamba panali timapepala tomwe amamata pa mankhwala kufamase, tomatulidwa mosamala. Tonse tinali ndi dzina la Vernice. Charlene anakhala pabedi. Mayi ake anamwalira ndi kubanika, ndipo miyezi yonseyi ankati ndi fumbi chabe.

"Ndiye kuti dokotala ankawalembera iwowo, koma iwo n'kumapatsa Tasha..." Odell sanamalize.

Pansi pake panali makalata aja, ena othimbirira ndi khofi, omangidwa ndi riboni. Vernice analekeza sukulu ali wamng'ono kukathyola thonje. Kuwerenga sankatha, koma chinthu cha chidindo cha boma sakanachisiya m'bini.

Charlene anang'amba envulopu yapamwamba, nawerenga kawiri.

"Akuti chiyani?" anafunsa Odell.

"Akuti anadula ndalama zokha. Khadi la Tasha likadalipo. Kumangofunika kusaina fomu n'kubweza." Anayang'ana mulu wa makalatawo. "Ndikanangotsegula, achimwene."

Manyazi ndi chisoni zinamugwira. Odell sanamudzudzule. Anasolola cholembera m'thumba la jekete yake ya pamaliro, namupatsa.

Akusaina, Tasha analowa kabotolo kali m'manja. "Amayi, katsala pang'ono kutha."

"Mawa tikatenga kako, ka dzina lako," anatero Charlene.

"Koma akanso n'kanga. Agogo analemba."

Charlene anakatembenuza. Kunsi kwake, komwe anali asanayang'anepo, kunali chilembo chimodzi cholembedwa ndi penti wa zikhadabo. Chinali T wamkulu wokhotakhota, wobwerezedwa kangapo kuti aoneke bwino.